CHENJEZO LA MAKOSWE NDI MBEWA: PHUNZIRO LA MANKHWALA A M'MUNDA

Mlimi aliyense adziwa kuti mankhwala ophera tizilombo ndi poizoni. Adziwa kuti munthu akamwa amafa, ndi kuti akawapuma kwambiri amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Zoopsa zimenezi zimaoneka tsiku lomwelo, ndipo sizisowa mphunzitsi. Koma kuli choopsa china chimene sichipweteka pomwepo, chimene chimabisala zaka zambiri, nichidzaonekera munthu ataiwala kale tsiku limene anapopera thonje kapena tomato wake. Choopsacho ndi kuonongeka kwa chibadwa. Zina mwa nyama zimene zinachionetsa ndizo makoswe ndi mbewa zosungidwa m'nyumba za akatswiri ofufuza.

1. Kodi chibadwa chimakhala kuti?

Thupi la munthu, monganso la nyama, lamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli phata, ndipo m'phatamo muli ulusi wautali wopindidwa bwino, umene akatswiri autcha DNA. Pa ulusiwu palembedwa malangizo onse a thupi: kakulidwe kake, maonekedwe ake, ndi nthawi imene selo liyenera kugawikana kapena kuleka. Ulusiwu wamangidwa m'mitolo yotchedwa makromozomu. Munthu ali ndi makromozomu 46, khoswe 42, mbewa 40.

Tsono mankhwala ena akalowa m'thupi amamatirira pa ulusiwu, kapena kuudula, kapena kusokoneza kagawidwe ka mitoloyo. Kawirikawiri thupi limadzikonza lokha, pakuti lili ndi njira zake zolumikizira podukapo. Koma pamene kukonzako kwalephera, cholakwacho chimatsala. Chikatsala m'maselo wamba a thupi, chingathe kuyambitsa khansa. Chikatsala m'mbewu yoberekera, chingathe kudzetsa kusabereka, kupita padera, kapena chilema mwa mwana.

Kuti zinthu zakunja zingathe kusintha chibadwa anayamba kutsimikiza ndi Hermann Muller m'chaka cha 1927, pamene anawalitsa kuwala kwa X-ray pa tintchentche ta pazipatso. M'zaka za m'ma 1940, Charlotte Auerbach ndi mnzake J. M. Robson, ku Edinburgh, anaonetsa kuti mpweya wina wapoizoni wa kunkhondo umachita chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo anthu anazindikira kuti mankhwala nawonso ayenera kuyesedwa.

2. Kodi akatswiri amayesa bwanji?

Sikuloledwa kumwetsa munthu poizoni kuti aone chimene chichitike. Chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito nyama zoswana msanga, zimene maselo ake amagwira ntchito mofanana ndi a munthu. Amazigawa m'magulu: gulu lina amalipatsa mankhwala ochepa, lina ochulukirapo, ndipo gulu limodzi salipatsa kanthu, kuti likhale poyerekezera. Njira zodziwika ndi zitatu.

Njira yoyamba ndi ya mafuta a m'mafupa, mmene magazi amapangidwira. Selo lofiira la magazi likamakhwima limataya phata lake. Koma ngati kromozomu inaduka, kachidutswa kake kamatsalira m'selomo ngati kadontho. Katswiri amayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, nawerenga maselo zikwi zingapo. Timadontho tikachuluka kuposa m'gulu losapatsidwa kanthu, adziwa kuti mankhwalawo adula chibadwa. Njira imeneyi inakhazikika m'zaka za m'ma 1970.

Njira yachiwiri inatulukira m'chaka cha 1984 ku Sweden. Amatenga maselo a nyama, nawaika m'phala lowala ngati madzi, napititsamo mphamvu ya magetsi. DNA yosaduka imakhala pamalo pake, yozungulira. Yodukaduka imakokedwa ndi magetsi, nipanga mchira ngati wa nyenyezi ya mchira. Mchira ukatalika, kuonongekanso n'kwakukulu.

Njira yachitatu ikhudza ana. Khoswe wamphongo amapatsidwa mankhwala, kenaka amaikidwa pamodzi ndi akazi amene sanapatsidwe kanthu. Patapita masiku, akatswiri amawerenga ana amoyo ndi akufa m'mimba mwa akaziwo. Akufa akachuluka, mlandu uli pa mbewu ya atate awo.

3. Chenjezo limene silinamveke

Chitsanzo choposa zonse ndi cha mankhwala otchedwa DBCP, amene ankathiridwa m'nthaka kuti aphe tinyongolotsi todya mizu ya nthochi, nanazi ndi mbewu zina. Anayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1961 akatswiri anafalitsa zimene anapeza pa makoswe, mbira ndi akalulu amene anapuma mpweya wa mankhwalawo: ziwalo zoberekera za nyama zamphongo zinafota. Nkhaniyo inalembedwa poyera, koma malonda anapitirira.

Panapita zaka 16. M'chaka cha 1977, amuna ogwira ntchito pa fakitale yosakaniza mankhwalawa ku Lathrop, m'dera la California, anazindikira pocheza kuti kwa nthawi yaitali m'mabanja mwao simunabadwe mwana. Atapimidwa, anapezeka kuti ambiri mbewu yao inali yochepa kwambiri, ndipo ena analibe n'komwe. Chimene chinaoneka pa makoswe chinaonekanso pa anthu. Boma la America linaletsa mankhwalawa pa mbewu pafupifupi zonse m'chaka cha 1979, ndipo kufufuza kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti khoswe wamphongo wopatsidwa DBCP amabereketsa ana ambiri ofera m'mimba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwalawa ankagwiritsidwanso ntchito kwambiri m'minda ikuluikulu ya nthochi ku Costa Rica, Nicaragua ndi maiko ena osauka, kumene ankatchedwa Nemagon. Antchito zikwizikwi a kumeneko anadandaula m'makhoti kuti anasanduka osabereka. Akale anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzake wa munthu pa nkhani imeneyi anali khoswe, ndipo anthu anam'nyoza.

Mankhwala ena a mtundu womwewo, otchedwa EDB, ankathiridwa m'nthaka ndi m'nkhokwe za tirigu. Atayesedwa pa makoswe ndi mbewa anayambitsa khansa ya m'mimba, ndipo anapezeka kuti amamatirira pa DNA yeniyeniyo. Ku America analetsedwa m'zaka za 1983 ndi 1984.

4. Kodi mankhwala onse ali chomwecho?

Iyayi. Pano pafunika kuweruza mosathamanga. Choyamba, mankhwala ambiri ayesedwa ndipo sanaonetse kudula chibadwa. Chachiwiri, nyama za akatswiri zimapatsidwa mlingo waukulu kuposa umene mlimi wosamala amakumana nawo, pofuna kuti choopsa chilichonse chionekere msanga. Chachitatu, nyama zimasiyana: chimene chapweteka khoswe nthawi zina sichipweteka mbewa.

Motero akatswiri amatsutsana pa mankhwala ena. Glyphosate, amene alimi ambiri amaphera udzu, ndiye chitsanzo. M'chaka cha 2015 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lokhala ku Lyon m'dziko la France, linagamula kuti n'kutheka kwambiri kuti mankhwalawa angayambitse khansa, ndi kuti umboni wa kuononga kwake DNA n'ngwamphamvu. Linanena zofanana pa za khansa za malathion ndi diazinon. Koma chaka chomwecho bungwe la ku Ulaya loyang'anira zakudya linati glyphosate sioneka kuti ingayambitse khansa mwa anthu. Kusiyanako kwagona pakuti bungwe loyamba limafunsa ngati chinthu chili nayo mphamvu yoononga, pamene lachiwiri limafunsa ngati chimaononga pa mlingo umene anthu amakumana nawo.

Mlimi sangathe kuweruza mlandu umene wakanika akatswiri. Koma pali mfundo imodzi imene mbali zonse zivomereza: choopsa chimakula molingana ndi kuchuluka kwa mankhwala olowa m'thupi. Ndipo amene amalandira ochuluka ndi munthu wosakaniza ndi kupopera, makamaka akachita zimenezi ndi manja opanda chovala.

5. Zoyenera kuchita

Ku Malawi kuli lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndiponso bungwe la Pesticides Control Board limene limalembetsa mankhwala ololedwa. Koma lamulo silingam'tsate munthu kudimba. Chifukwa chake mlimi asunge izi:

Agule mankhwala okhala m'botolo lake lenileni, lolembedwa dzina ndi malangizo; a m'timabotolo topanda dzina ta pamsika awapewe.

Atsate mlingo wolembedwa, ndipo ngati sadziwa kuwerenga afunse mlangizi wa zaulimi.

Posakaniza avundule ndi kamtengo. Avale magolovesi, jombo, malaya a manja aatali ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, pakuti mankhwala ambiri amalowera pakhungu.

Asapopere moyang'anana ndi mphepo, asadye kapena kusuta fodya ali pantchito, ndipo sipuleya ikatsekeka asaipemerere ndi pakamwa.

Akatha asambe ndi sopo, ndipo zovala zantchitozo zichapidwe pazokha.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndiponso ana, asasakanize kapena kupopera mankhwala.

Adikire masiku olembedwa asanathyole ndiwo kapena tomato, ngakhale mtengo utakwera pamsika. Pakuti wogulayo sadziwa tsiku limene anapopera.

Botolo lotha aliboole. Lisasanduke losungira mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa.

Mnyamata amene apopera fodya lero ali wosavala malaya sadzamva kanthu madzulo ano, ndipo adzaseka om'chenjeza. Amuna a ku Lathrop nawonso sankamva kanthu.

Mafunso okambirana pamsonkhano

1. Kodi kuonongeka kwa chibadwa kumasiyana bwanji ndi poizoni wopweteka tsiku lomwelo?
2. Panapita zaka zingati kuchokera pa chenjezo la makoswe kufikira pamene anthu anapezeka ovulala ndi DBCP?
3. M'mudzi muno, ndani amene amasakaniza ndi kupopera mankhwala, ndipo amavala chiyani?
4. Kodi mabotolo otha amapita kuti?