Mapiri ndi Udzu pa Kanjanji Kazidole

Funso: Ndinayala kanjanji ka sitima yazidole patebulo, koma mapiri ndi udzu zikuoneka kuti n'zopanga. Nditani?

Yankho: Yambani ndi muyeso. Ngati sitima yanu ndi ya muyeso wa HO, chilichonse chichepe ka 87: munthu wamtali mamita 1.8 akhale pafupifupi masentimita 2. Phiri liumbeni ndi makatoni, muyalepo nsanza zoviika m'pulasitala. Likauma, pakani penti ya mtundu wa dothi. Kenako wazani dothi lenileni, louma ndi losefa, pa guluu wamatabwa wosungunula ndi madzi, mutadonthezamo sopo pang'ono kuti alowerere bwino. Udzu usabiriwire mofanana. Sakanizani utuchi wonyika m'penti yobiriwira ndi yachikasu. Pitani mukaonenso njanji yeniyeni: miyala yapakati imada ndi mafuta. Tizinthu totere ndi timene timakopa maso.