Kadzalidwe ka maluwa a petunia pakhomo

Amene anafesapo nazale ya fodya savutika ndi petunia. Maluwawa kwawo ndi ku South America, m'mayiko monga Argentina ndi Brazil, ndipo ndi a banja limodzi ndi fodya, tomato ndi mbatata ya kachewere.

Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, ndipo ambiri amalakwitsa pozikwirira. Njerezi zimafuna kuwala kuti zimere. Zisakanizeni ndi kamchenga kouma, muziwaze pamwamba pa dothi losefa lomwe mwanyowetsa kale m'beseni lakale loboola pansi, kenaka mutsindire ndi chikhatho basi. Musathirire ndi kapu, njere zingakokoloke. Khazikani besenilo m'madzi pang'ono kuti dothi lidziyamwira lokha kuchokera pansi. Pakatha masiku 7 mpaka 10 timbande timayamba kusuzumira.

Kuno kwathu ndi bwino kufesa mvula ikamasiya, mu Malichi kapena Epulo, kuti maluwa adzachite bwino nyengo yopanda mvula. Mvula yamphamvu imawang'amba, makamaka a mtundu wa grandiflora omwe maluwa ake ndi aakulu. A multiflora ndi ocheperapo koma amapirira, ndipo kwa oyamba kumene ine ndingasankhe amenewa.

Wokani mbande motalikirana masentimita 30, pamalo pofika dzuwa maola 6 kapena kuposerapo. Pamthunzi wa mango zimangotalika, maluwa osaoneka. Zikafika masentimita 15 tsinani nsonga. Mtima umawawa kudula mbewu yathanzi, koma mukatero imaphuka nthambi zambiri. Duwa likafota lichotseni pamodzi ndi kachibereko kake ka kunsi, chifukwa mbewu ikayamba kukhwimitsa njere imachepetsa maluwa. Musanathirire pisani chala m'dothi. Ngati mukadali chinyezi, dikirani mawa, poti madzi akachuluka mizu imaola. Za m'miphika muzizipatsa feteleza wosungunula m'madzi pakatha masabata awiri aliwonse.

Ubale ndi fodya uja uli ndi vuto lake. Matenda a mozeyiki amagwira mbewu zonse ziwiri, ndipo amayenda ndi manja komanso zida. Masamba amachita mawangamawanga achikasu n'kukwinyika, ndipo mankhwala ake palibe. Mbewu yotere izuleni n'kuitentha. Ngati mumasuta kapena mwachokera kuchigafa, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze maluwa anu.