Phunziro la Mwezi Uno: Bala la Mumtima Limafunanso Chithandizo

Mayi akamenyedwa ndi mwamuna wake, anthu amaona diso lotupa kapena mkono wothyoka. Zimenezi zimapola pakapita masabata, koma bala la mumtima limatha kukhala zaka ngati palibe wolisamala.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene adakwatiwapo adachitiridwa nkhanza ndi amuna awo, monga kumenyedwa, kugonedwa mokakamiza, kunyozedwa ndi kuopsezedwa. Choncho m'mudzi uliwonse wa m'wadi yathu muli amayi otere.

Zizindikiro zake

Mayi wovutika maganizo amasowa tulo, amadzidzimuka chitseko chikangogogodwa, ndipo amadandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima ngakhale kuchipatala sakumupeza ndi malungo. Amasiya kupita ku banki m'khonde ndi kumapemphero, nayamba kudziimba mlandu kuti ndiye wolakwa. Ena amafika poganiza zodzipha. Ameneyu asasiyidwe yekha, aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Ntchito ya uphungu

Ankhoswe ali ndi ntchito yolemekezeka yoyanjanitsa banja, koma mawu akuti “banja ndi kupirira” abweza amayi ambiri m'manja mwa owazunza. Uphungu cholinga chake ndi china. Phungu amamvetsera mwachinsinsi, popanda mwamuna kapena apongozi, ndipo amathandiza mayiyo kuona kuti nkhanza ndi mlandu wa wochitayo. Amakonza naye njira yodzitetezera: nyumba yothawirako usiku, munthu womuimbira foni, ndiponso malo osungirako chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana ndi ndalama pang'ono. Kukhala kapena kuchoka pabanjapo amasankha ndi mayiyo, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Inu anansi ndi achibale, mnzanu akakuululirani, musamufunse kuti “Nanga inu mudawalakwira chiyani?” Muuzeni kuti mwamva ndipo mwakhulupirira. Nkhaniyo musakaikambe pamjigo, chifukwa ikafika m'makutu mwa mwamunayo, mayiyo akhoza kuvulazidwa koposa.

Kopeza chithandizo

Pitani ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, yodziwika kuti Victim Support Unit, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma pano, kapena kuchipatala. Zipatala zina zili ndi malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amapezeka pamodzi. Bungwe la YONECO lili ndi nambala yaulere ya 5600 yoimbirako nkhani za nkhanza. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khothi mphamvu yopereka chikalata choteteza wozunzidwa, ngakhalenso kulamula wozunzayo kuti atuluke m'nyumbamo. Mayi akadziwa kuti lamulo lili kumbali yake, mantha amayamba kuchepa.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa VDC

1. Kodi mayi wothawa nkhanza pakati pa usiku m'mudzi mwathu angagogode pakhomo la yani?
2. Ndi nkhani ziti zimene ankhoswe ndi mafumu ayenera kuzitumiza kupolisi m'malo moziweruza okha?
3. Ndani mwa ife angaphunzitsidwe uphungu, amene amadziwa kusunga chinsinsi?