WinRAR 7: Zatsopano ndi zotani, nanga ife zikutikhudza pati?

Anzanga, makamaka ife a Fomu 2 amene tikukonzekera JCE, mapepala akale a mayeso a MANEB ndi manotsi ambiri masiku ano akuyenda pa WhatsApp. Ena amabwera ali fayilo imodzi yothera ndi .zip, .rar kapena .7z. Munthu amagula bando ya Airtel kapena TNM, n'kutsitsa fayiloyo, koma poitsegula imakana. Ndalama yapita, mapepala osaoneka. Phunziro la sabata ino likufotokoza chifukwa chake, komanso zatsopano zimene zabwera mu pulogalamu ya WinRAR 7.

Kupanikiza fayilo n'chiyani?

Mlimi wa thonje ku Golomoti akamalongedza, amapondaponda m'thumba kuti lilowe lambiri. Thonjelo silichepa ayi, chimachoka ndi mpata basi. Kompyuta nayo imachita chimodzimodzi. Imafufuza zinthu zobwerezabwereza mu fayilo, n'kuzilemba kamodzi kokha. Pena ponse pamene zabwerezedwa imangoika kachizindikiro kakafupi kotanthauza kuti "onani paja". Tikamalemba mndandanda m'kope timachitanso zomwezi, poika timizere tiwiri pansi pa mawu m'malo mowalembanso.

Mwachitsanzo, pa pepala la mayeso mawu oti "Yankhani mafunso onse" akapezeka kakhumi, pulogalamu imawasunga kamodzi. Pomasula imabwezeretsa chilichonse m'malo mwake, osataya ngakhale chilembo chimodzi. Ntchito yachiwiri ya pulogalamuyi ndi kumanga mafayilo ambirimbiri kukhala mtolo umodzi, kuti atumizidwe nthawi imodzi.

Mapulogalamu ake

Mtundu wa ZIP anaupanga ndi Phil Katz wa ku America mu 1989. RAR ndi ya Eugene Roshal wa ku Russia, ndipo inayamba mu 1993, pomwe WinRAR inatuluka mu 1995. Palinso 7-Zip ya Igor Pavlov imene inayamba mu 1999, ndipo iyi ndi yaulere. WinRAR ndi yogula, kungoti amalola kuiyesa masiku 40.

Zatsopano mu WinRAR 7

Pulogalamuyi inatuluka mu February 2024. Zazikulu ndi izi:

1. Dikishonale yakula. Musaganize za buku la m'laibulale. Apa dikishonale ndi kukula kwa malo amene pulogalamu imatha kuyang'ana m'mbuyo pofufuza zobwerezedwa. Mu WinRAR 5 ya 2013 munthu ankatha kusankha mpaka 1 GB, koma pano ikufika 64 GB. Tiyerekeze ana awiri akuwerenga buku. Wina amakumbukira tsamba limodzi lokha, mnzake amakumbukira buku lonse. Wachiwiriyu ndi amene angadziwe kuti ndime ya patsamba 90 ndi yomwe ija ya patsamba 4. Choncho mafayilo akuluakulu ofanana amapanikizika kwambiri.

2. Njira zatsopano zofufuzira. Anawonjezera kufufuza kofika patali, komanso kufufuza kwina kosamalitsa kwambiri. Kosamalitsaku kumachepetsako fayilo, koma kumadya nthawi yambiri.

3. Yasiya kupanga RAR yakale. Mitolo ya mtundu wa RAR 4 ikumatsegulabe, koma kupanga yatsopano ya mtundu umenewo ayi. Zonse zatsopano zikutuluka mu mtundu wa RAR5.

4. Mu 2025 munatuluka 7.10, yomwe inabweretsa maonekedwe akuda osathobwa m'maso usiku. Koma kuyambira pamenepo anasiya kupanga ya makompyuta a Windows ya 32-bit. Makompyuta akale ambiri ali m'gulu limeneli.

Pamene pali vuto

Apa ndiye mumvetsetse. Womanga mtolo ndi woumasula ayenera kugwirizana. Mtolo wa RAR5 sutseguka pa WinRAR 4 kapena yakale kuposa pamenepo. Mtolo wa dikishonale yoposa 4 GB umafuna WinRAR 7 kuti umasuke. Chinanso, pomasula, makina amafuna RAM yoposa dikishonaleyo. Ndiye taganizani, foni ya 2 GB ingathane ndi dikishonale ya 8 GB? Sizingatheke olo pang'ono.

Ndiye achimwene anu a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akhoza kukutumizirani mabuku kuchokera pa laputopu yawo yatsopano ndi mtima wabwino, koma kuno ku Mua fayiloyo n'kukana. Nthawi zambiri fayilo siinaonongeke. Pulogalamu yanu ndiyo yatsalira.

Nanga bwanji osangokhala ndi yakale yomweyo? Mu 2023 kunapezeka chiboo mu WinRAR. Akuba ankamanga mtolo woti ukadina kachithunzi kapena PDF m'katimo, pulogalamu yoipa imayamba kugwira ntchito mwakachetechete. Anatseka chiboocho mu 6.23, mu August chaka chomwecho. Koma WinRAR siidzisintha yokha, mpaka munthu atsitse yatsopano. Kompyuta imene ili ndi yakale ndiye kuti chitseko chake chikadali pululu, ndipo fulashi yanu ikalowamo ikhoza kutenga vayirasi n'kukafalitsa kwina.

Si zonse zimapanikizika

Zolemba zimachepa kwambiri chifukwa mawu amabwerezedwa. Koma zithunzi za JPG, nyimbo za MP3 ndi mavidiyo a MP4 anazipanikiza kale pozipanga. Mukajambula ziboliboli za ku Kungoni n'kumanga zithunzizo mu RAR, zidzachepa pang'ono chabe, ngakhale dikishonale ikule bwanji. Thumba lopondedwa kale silipondekanso. Mapepala a mayeso ojambulidwa ndi kamera nawonso ndi zithunzi, choncho musayembekezere kuti bando ipulumuka kwambiri. Phindu lake n'loti zonse zimabwera pamodzi.

Tichite chiyani?

- Musanatsitse, onani kukula kwa fayilo ndi zilembo za kumapeto kwa dzina lake.
- Wotumizayo mumupemphe ZIP. Iyi imatseguka pafupifupi paliponse, ngakhale pa Windows yopanda pulogalamu ina iliyonse.
- Ngati ndi RAR, asasinthe dikishonale. Ya 32 MB imene imakhalapo kale ndi yokwanira manotsi.
- Pa foni ya Android pali RAR ndi ZArchiver pa Play Store. Pa kompyuta ikani 7-Zip, imatsegulanso RAR5. Windows 11 inayamba kutsegula yokha RAR ndi 7z mu 2023.
- Fayilo ikakana, musaifufute msanga. Kayeseni pa foni ina kapena funsani aphunzitsi.
- Mtolo wa "mapepala a mayeso" ukakhala ndi fayilo yothera ndi .exe kapena .apk, musadine. Pepala la mayeso silikhala choncho.

Mafunso a sabata ino

1. N'chifukwa chiyani nyimbo ya MP3 siichepa kwambiri mukaipanikiza?
2. Foni ya RAM ya 2 GB yalandira mtolo wa dikishonale ya 8 GB. Chichitike n'chiyani?
3. Tchulani pulogalamu yaulere imene inayamba mu 1999.

Lembani mayankho pa kapepala, muponye m'bokosi la nyuzi Lachisanu lisanafike. Mayina a okhoza tidzawamata pompano.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2