Chigafa chakale chikhoza kubweretsa ndalama popanda fodya

M'chigwa cha Henga, ku Bolero ndi ku Hewe m'boma la Rumphi muli nyumba zakale za m'minda ya fodya zomwe zangokhala, zigafa zikugwa, ana a eni ake ali ku Mzuzu kapena ku Joni. Mabanja ena amafuna kusandutsa malo oterewa kukhala opumulirako. Ganizo ndi labwino, koma cholakwika chimakhala poyambira: kuthamangira ngongole yomangira zipinda zogona.

Alendo alipo kale. Msewu wopita ku Nyika umadutsa ku Bolero n'kukalowa pa geti ya Thazima, ndipo wa ku Vwaza umapatuka panjira yomweyo. Ku Livingstonia, Stone House, nyumba ya miyala ya Dr Robert Laws yomangidwa mu 1903, inasanduka malo ogona alendo ndi osungira zinthu zakale. Chokoka anthu kumeneko ndi ukale wake womwewo. Choncho wogwetsa chigafa kuti amange holo ya malata akutaya katundu amene alendo akanalipira.

Kwa wamalonda wa mpamba wochepa, poyambira ndi alendo obwera m'mawa n'kubwerera madzulo: mabanja, magulu a mpingo, amayi a banki m'khonde pogawana ndalama kumapeto a chaka. Awa safuna bedi. Amafuna mthunzi, madzi abwino, chimbudzi chaukhondo ndi bwalo losewerera ana. Chigafa chofoleredwa bwino ndi udzu, mizati yodyedwa ndi chiswe itasinthidwa, chimakhala malo odyera. Chimbudzi chiyambe kumangidwa ndicho, chifukwa mayi akachiona chonyansa sabweranso ndipo amauza anzake.

Phindu lenileni lili m'mbale. Nkhuku ya lokolo, nsima ya mgaiwa, nthochi zophika, uchi ndi khofi wa ku mapiri a Phoka zimapezeka pafupi, ndipo ndalama yake imalowa tsiku lomwelo. Ogulitsa mazira, tomato ndi nkhuni pamsika wa Bolero apangane ndi mwini malo za mtengo ndi tsiku lolipira, osangopereka katundu pa ngongole yapakamwa.

Nyengo nayo iwerengedwe. M'dzinja misewu yafumbi imavuta ndipo alendo amachepa. Ndalama zimayenda fodya akayamba kugulitsidwa ku okushoni ya Mzuzu, pa tchuthi cha sukulu, pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero ndi pa Khrisimasi. Ngongole yobweza mwezi ndi mwezi sidikira nyengo zimenezi.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya malo. Munda wa makolo si wa munthu mmodzi, ndipo m'bale amene anali chete chigafa chikugwa amatulukira galimoto zikayamba kuima pabwalo. Njerwa isanaikidwe, abale alembe mgwirizano wa kagawidwe ka phindu, amfumu achitire umboni. Kenako mwini akatenge chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya Rumphi, ndipo akadzayamba kugoneka alendo, pafunikanso chilolezo cha ofesi ya boma yoona zokopa alendo.