Phunziro la Umoyo: Za Kuwawa kwa Msana ndi Khosi

Lamulo lachisanu la Mulungu litiphunzitsa kusamala moyo wa anzathu ndi wathu womwe. Tsono lero tiphunzire za msana, pakuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 619 miliyoni anali kumva kuwawa kwa msana wa m'chiuno.

Msana si fupa limodzi ayi. Uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo 9 totsala tiri kunsi, tambiri mwa ito togwirana. Pakati pa timafupa ta m'khosi, ta kumbuyo kwa chifuwa ndi ta m'chiuno pali kanthu kofewa konga nkhata, koletsa mafupa kuperesana. M'kati mwa timafupato mudzera mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene utumiza nthambi zake ku manja, ku miyendo ndi ku chikhodzodzo.

Chifukwa choyamba cha kuwawa, chimene chigwira anthu ochuluka, ndicho kutopa kapena kupweteka kwa minofu. Munthu alima choweramira tsiku lonse ndi khasu la mpini waufupi, kapena anyamula thumba la chimanga mokhotetsa thupi. Mai asenza mtolo wa nkhuni woposa mphamvu zake, mnyamata aweramitsa khosi pa foni kufikira usiku. Kuwawa kotere kumachepa kokha pa masabata owerengeka. Kugona pamphasa masiku ambiri kuchedwetsa kuchira. Nkwabwino kuyendayenda ndi kugwira nchito zopepuka.

Chachiwiri ndi kankhata kaja. Kakang'ambika ndi kutulukira pambali, kapanikiza mtsempha, ndipo ululu utsika kuchokera m'thako kufikira ku phazi, nthawi zina pamodzi ndi dzanzi. Zikachitika m'khosi, ululu utsikira ku dzanja. Ambiri achira popanda opaleshoni.

Chachitatu ndi ukalamba. Mfundo za msana zimaperesedwa, ndiyo nyamakazi imene agogo athu adandaula nayo m'mawa. Mwa amai amene analeka kusamba mafupa amapepuka, kotero kuti fupa la msana likhoza kuphwanyika ngakhale pa kugwa pang'ono.

Chachinayi, chimene tiyenera kuchiopa koposa kuno kwathu, ndicho chifuwa chachikulu cholowa m'mafupa a msana. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anafotokoza za nthendayi m'chaka cha 1779. Iyamba pang'onopang'ono: msana uwawa usana ndi usiku, munthu aonda, atuluka thukuta pogona. Akazengereza, mafupa adyeka, pamsana patuluka linunda, ndipo miyendo ikhoza kufa. Amene ali ndi kachilombo ka HIV ndiwo agwidwa msanga. Koma nthendayi ichizika ndi mankhwala a TB, amene aperekedwa ulere m'zipatala za boma, malinga wodwala amwe kwa miyezi yonse imene dokotala walamula, ngakhale ayambe kupeza bwino.

Nazi zizindikiro zofuna kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo: miyendo kufooka, kulephera kukodza, kapena kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, dzanzi pakati pa ntchafu, khosi kuuma pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, pakuti mwina ndi nthenda youmitsa khosi, imene ipha msanga. Munthu amene wagwa mumtengo kapena pa njinga namva kuwawa m'khosi kapena pamsana musamkhazike tsonga, musampinde. Mgonekeni pa chitseko kapena thabwa, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo mumnyamule chomwecho.

Podziteteza, pindani maondo ponyamula katundu, ndipo katunduyo akhale pafupi ndi thupi. Thumba lolemera nyamulani awiri. Polima weramukani kawirikawiri. Ana ang'ono musawasenzetse ndowa ya munthu wamkulu.

Inu akatekisiti, poyendera odwala m'midzi mudzapeza ena ogona m'nyumba miyezi yambiri, msana uli mphini zokhazokha, abale ali kuloza chala nkhalamba ya pamudzi kuti ndiyo yawalodza. Mphini sizifika pa fupa lodwala, ndipo kunamizira mnzathu ufiti ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Pempherani nawo odwalawo, itanani wansembe ngati afooka, komanso funsani za zizindikiro zija, ndipo Akristu a mumphakati asonkhe ndalama ya ulendo wa ku chipatala.

Mafunso okambirana mumphakati:
1. Ndi zizindikiro ziti zimene zisonyeza kuti kuwawa kwa msana sikuli kwa kutopa chabe?
2. Tinyamule bwanji munthu wovulala khosi?
3. Kodi m'mudzi mwathu alipo wodwala msana amene sanaonane ndi dokotala? Adzamperekeza ndani?