Mtengo wa thonje lathu umagamulidwa kuti?

Mlimi wa ku Jumbe kapena ku Msoro akamakweza belo lake pa sikelo, mtengo umakhala utagamulidwa kale kutsidya kwa nyanja. Makampani ogula thonje amatsata msika wa ku New York ndi mitengo yolengezedwa ku Liverpool. Chiyambire 1994, pamene boma linagulitsa Lintco kwa Lonrho ndi Clark Cotton, palibenso wotchinjiriza mlimi msikawo ukagwedezeka.

Mu Malichi 2011 paundi imodzi ya thonje inapitirira madola 2, ndipo kwathu kuno kilo inafika K3,200 ya ndalama zakale. Ambiri anakuza minda. Mu 2012 kilo yomweyo inagwera pa K1,600, moti alimi ena kuno kum'mawa anatentha thonje lawo ndi mkwiyo.

Mlimi wa ku America sagwa motere, pakuti mtengo ukatsika boma lake limamuwonjezera ndalama. Amalimabe lochuluka, mtengo n'kutsikiratu kwa tonse. Mu 2002 dziko la Brazil linakasuma ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, ndipo linapambana. Mu 2003 Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula zomwezo ku Cancún. Mlandu wa Brazil unatha mu 2014, America italipira madola 300 miliyoni. Mayiko anayi aja, kumene alimi amagwira khasu ngati ife, chipepeso chotere sanachione. Wamphamvu ndiye anamvedwa.

Pokambirana m'magulu, werengerani zimene munalowetsa pa lima imodzi ya thonje chaka chatha: mbewu, mankhwala, aganyu otola. Mtengo ukadatsika ndi theka, mukadatsala ndi zingati mutabweza ngongole?